Atate Ambrose ndi Kamera Yawo ya Mvukuto

Ambrose Kambalame, 1946 – 2018

Atate, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Tagwirizana kuti chaka chino tisakulembereni za misozi, poti inu simunkakondwa ndi nkhope zokwinya. Munthu akakwinya pamaso panu munkatsitsa kamera n'kuyamba kumufunsa za mbuzi zakwawo mpaka aseke. Ndiye banja lonse latuma ine Bridget, mwana wanu wachisamba, kuti ndikukumbutseni nkhani imene amayi Martina satopa kutisimbira, ya tsiku limene munawabweretsera mkazi mnzawo m'nyumba. Ndi mmene amaitchulira kamera ija mpaka lero.

Munali mu 1976, mukugwira ntchito yokonza makina ku fakitale ya feteleza. Loweruka munkajambula maukwati ndi kakamera kobwereka, koma zithunzi zake mukazikulitsa nkhope zinkangoti mbuu ngati zawazidwa ufa. Mutamva kuti mkulu wina wojambulira nyuzipepala ku Lusaka wapuma ntchito ndipo akugulitsa zida zake, munawatenga amayi n'kukwera nawo sitima, akuti akakuthandizeni kusankha. Mkuluyo, a Whiteson, anakuikirani makamera awiri pakhonde. Yoyamba inali yamatabwa, yonyezimira, yoima pa miyendo itatu, yojambula munthu atafunda nsalu yakuda kumutu. Amayi anakonda imeneyo chifukwa inkaoneka yaulemu. Yachiwiri inali bokosi lokutidwa ndi chikopa chonyuka m'makona, lokhala ndi lamba wogwirira pambali. Mutalitsegula kutsogolo munatuluka khosi lakuda lopindapinda ngati mvukuto wa osula zitsulo.

Amayi amati munalowetsa dzanja m'lamba muja n'kuyamba kuzungulira nayo pabwalo la eni ake, uku mukuikweza ndi kuitsitsa ngati munthu woyesa kulemera kwa tambala pamsika. Kenako munawapempha kuti ayende kuchokera kumpanda kubwera kwa inu, abwerere, abwerenso. Inu diso linali pa kawindo ka pambali, momwe munthu amaoneka pawiri mpaka mutapotoza kagudumu iye n'kukhala mmodzi, ndipo akakhala mmodzi ndiye kuti chithunzi chidzatuluka choyera bwino. Amayi anayenda mtunda umenewo atavala nsapato zawo za kutchalitchi, mpaka a Whiteson anawamvera chisoni n'kuwatulutsira mpando. Pamapeto pake munati, "Ya miyendoyo ndi ya anthu oima phee. Kwathu ku Kafue mkwatibwi amalowa m'tchalitchi akuvina, sangandidikire kuti ndifunde nsalu." Njinga yanu inapita chifukwa cha kamera imeneyo. Chaka chathunthu munkayenda wapansi kuchokera kwathu ku Estates kupita kuntchito, ndipo anansi amati ankakuzindikirani ndi mluzu.

Kamerayo inabwera ndi maso atatu, lililonse lomangidwa pa kathabwa kake, loti mumachotsa n'kuikapo lina. Onse munawapatsa maina. Lapakati, limene linkamvana ndi kawindo kaja, linali Wantchito, poti silinkakana kanthu. Lotambalala, lomeza kwaya yonse pamodzi ndi mtanda wa padenga, linali Wadyera. Lalitali, lokoka nkhope ya munthu iye ali kutali osadziwa, linali Kazitape. Mukaikapo Wadyera kapena Kazitape kawindo kankanama, ndiye mtunda munkauyesa ndi maso anu n'kuika khosi la kamera pa timadontho timene munalemba nokha ndi utoto woyera. Ife ana tinkaloledwa kukhudza chilichonse m'nyumba, ngakhale wailesi, koma osati anyamata atatu amenewa, amene ankagona m'masokosi anu akale, aliyense m'sokosi yake.

Filimu yake sinali yokulunga ngati ya anzanu. Inali timapepala tatikulu ngati chikhatho, tiwiri tokha m'kabokosi kamodzi kathyathyathya, ndipo m'thumba la jekete simunkalowa timabokosi tambiri. Choncho munaphunzira kudikira, ndipo munatiphunzitsa ifenso. Munkati, "Zigongono m'nthiti, mpweya kunja, kenako dikira munthu aiwale kuti ulipo." Peter, mwana wanu wachiwiri, akuti malangizo amenewa ndi omwe anagwiritsa ntchito pofunsira mkazi wake, ndipo mpaka pano banja likuyenda.

Kumtsinje anthu akukumbukirabe ukwati wa Luckson, mwana wa msodzi uja, pamene mkwatibwi wake Fines anabwera pabwato kuchokera kutsidya. Ojambula ena anaima pamtunda kudikira. Inu munakwera bwato lina n'kukawachingamira pamadzi, mutaimirira, kamera ili kumaso. Wopalasa atatembenuka kuti aone mkwatibwi, bwato linapendekeka ndipo munalowa m'madzi ndi suti yanu yomwe. Mwayi wake munali mutayandikira kale kumabango. Anthu amati chimene chinkaoneka ndi chipewa, ndi manja awiri atakweza kamera kumwamba ngati wansembe wakweza chikho pa Misa. Wina anakuwa kuti, "Ba Ambrose, siyani ico cinthu mugwire bwato." Inu madzi ali m'khosi munayankha kuti, "Ine ndiuma, iyi siuma." Amayi sanakulankhuleni mpaka Lamulungu, ankangoti mufunse ng'ona ngati zimadziwa kamera. Koma munali mutadina musanagwe. Chithunzi chija chilipobe m'nyumba mwa Luckson, Fines akuseka chogwira pakamwa, ndipo zidzukulu zawo zimadziwa chimene ankaseka.

Tsopano tikuuzeni zimene zachitika inu kulibe. M'mwezi wa Juni kunabwera mayi wina dzina lake Rachael, wochokera ku Kabwe. Anabadwira konkuno, koma mayi ake anamwalira iye akuyamwa, ndipo achibale amene anamulera analibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Wafika zaka makumi anayi asanaonepo nkhope ya amene anamubala. Chimene ankadziwa ndi dzina lawo, Audrey, ndi kuti ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Wina pamsika anamulozera kwathu, akuti ngati munthu anaimbapo m'kwaya ya ku Kafue ndiye kuti a Kambalame anamujambula.

Mdzukulu wanu Tracy anatsitsa thiranki ya manegativu anu, ndipo iye ndi amayi anakhala pakhonde masana onse akuwakweza padzuwa limodzilimodzi. Tinayamba kuchita manyazi, poganiza kuti mlendo abwerera chimanjamanja. Dzuwa litapendeka amayi anaika chala pa chithunzi cha kwaya ya Pasaka wa 1983, mzere wakumbuyo, n'kuti, "Ndi uyu. Ankaima kumanzere kwanga, ndipo ankakonda kuyamba nyimbo woimbitsa asanatsitse dzanja." Mutu wake unali waung'ono ngati nyemba, moti tinakayika ngati mungatuluke kanthu. Tracy anapita nacho ku Lusaka kwa anthu okulitsa zithunzi, ndipo poti filimu yanu inali yaikulu, nkhope ija inakula mpaka kufanana ndi mbale osasokonekera. Ndolo zinaoneka, mpango unaoneka, ngakhale mpata wa pakati pa mano. Rachael anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira mano ake n'kunena motsitsa m'chilankhulo cha kumene anakulira kuti, "Kanshi napalana na bamai," kutanthauza kuti kani amafanana ndi mayi ake. Analira pang'ono, ife tinalira naye, kenako tonse tinaseka, chifukwa amayi anamupempha kuti aimbe ndipo nayenso anayamba iwo asanatsitse dzanja.

Kamera yanu ili bwino. Tracy anamata timabowo ta pa mvukuto, anapeza filimu kudzera kwa mnzake wa kunja, ndipo pa ubatizo wa mwezi wathawu anatuluka nayo. Achinyamata anasiya mafoni awo n'kumuzungulira, ena akufunsa ngati imaphikanso tiyi. Amaigwira ngati inu, phewa limodzi litatsika.

Amayi Martina akukusowani kwambiri m'mawa, poti palibenso wowaitana kuti adzaone mmene kuwala kwagwera pa mtengo wa mapeyala. Peter ndi banja lake akukusowani, mwana wanu Chindikani ku Ndola akukusowani, ndi alongo anu a ku Dedza amene samaliza foni asanakutchuleni. Mkamwini wanu Derrick akuti anakukhululukirani kalekale za tsiku la ukwati wathu, pamene misozi inakulepheretsani kusolola kachitseko kotchinga filimu, chithunzi chovekana mphete n'kutuluka chopanda kanthu. Munativekanso zaukwati Lamulungu lotsatira, ndipo iye akuti ndi mwamuna yekha mu Kafue amene anakwatira mkazi mmodzi kawiri sabata imodzi.

Pofuna chithunzi choika pamwamba pa mawu ano tinavutika, Atate. Munajambula tawuni yonse, koma inu mulibe m'zithunzi, poti nthawi zonse munali kuseri kwa kamera. Chimene tapeza ndi ichi chokha, chimene amayi anakujambulani tsiku lina pochokera ku Misa, atakulandani kamera m'manja. Inawalemera, ndiye chithunzi chinapendekeka, nsonga ya chipewa chanu inadulidwa, ndipo pakamwa panu ndi potseguka chifukwa munali pakati powauza kuti agwira molakwika. A kunyuzipepala anati angathe kuchiwongola. Amayi akana, akuti mwamuna wawo anali chomwecho ndipo aliyense amuone chomwecho.

Pumani mu mtendere wa Ambuye, Atate. Malinga tili ndi moyo, nkhope imeneyi sidzachoka m'maso mwathu.