Makutu a Bambo pa Bokosi la Mankhwala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinasiya? Nanga mwendo wa amayi ukuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma chilandirireni mawu munanditumizira pa foni aja chakudya sichikulowa. Ndawamvetsera kambirimbiri. Ndinayesa kuyankha pakamwa, koma mukundidziwa, mawu amandithera pakhosi. Ndiye ndati ndilembe.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali pamalo ochapira zovala paja, mbali yanga ndi kusita. Nsimbi m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amayi awiri amene ndimasita nawo amacheza okhaokha za amuna awo, ndipo ine amanditchabe mlendo ngakhale chaka chatha. Chipinda ndi chomwe chija, zenera lake loyang'ana khoma la eni nyumba. Pali masiku amene ndimaweruka, kutseka chitseko, n'kukumbukira kuti chichokereni m'mawa mawu amene ndalankhula ndi zikomo basi.

Munandifunsa kuti zojambulazi ndinaziyamba liti, ndipo anandituma ndani. Palibe anandituma. Tikasita malaya timaikamo kapepala kolimba kuti kolala isapindike. Timapepala totsala ndimatola n'kumajambulapo pa nthawi ya nkhomaliro, monga ndinkachitira pa dothi kuseri kwa nyumba. Mayi wina wogwira ntchito ku nyuzipepala, amene amabweretsa zovala Lachisanu lililonse, anandipezerera. Anati pali sukulu yaulere ya pa intaneti yophunzitsa makatuni, zithunzi zoseketsa zija zodzudzula akuluakulu. Ndinawauza kuti ine ndinalekeza sitandade seveni. Anaseka, anati kumeneko amaona dzanja, osati satifiketi, ndipo anandilembetsa okha pa foni yanga.

Timaphunzira Lamlungu masana. Kuchipinda kwanga kulibe intaneti, koma ya kuntchito imafika pakhomo la kuseri ngakhale atatseka. Ndiye ndimakhala pa sitepe pamenepo, foni nditaitsamiritsa pa ndowa. Aphunzitsi amaoneka m'kabokosi kawo, ophunzira enanso aliyense m'kabokosi kake, ena a kumayiko akutali. Kabokosi kanga kamakhala kakuda. Kamera sindinkayatsa, kulankhulanso ayi. Chingerezi chawo chimathamanga, koma aphunzitsi akagwira pensulo ndimamva zonse. Achemwali, musandiseke, ola limeneli ndi lokhalo pamlungu limene ndimadzimva kuti ndili pakati pa anthu.

Anatiphunzitsa zinthu ziwiri zimene zandigwetsa m'mavutowa. Choyamba, anati pankhope ya munthu uzifuna chinthu chimodzi n'kuchikulitsa, kaya mphuno kaya chibwano, ndipo uzijambula za m'mutu, osaonera pa chithunzi. Chachiwiri, anati tisamasaine dzina lenileni, chifukwa ojambula ena anamangidwapo, ena kumenyedwa. Anati aliyense asankhe dzina limene anthu a komwe akukhala sakulidziwa. Ine ndinaganiza kuti kuno palibe amene amadziwa Kachete, dzina limene bambo anandipatsa chifukwa chosalankhula. Ndinangoganiza za kuno. Sizinandifike m'mutu kuti kwathu ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda amadziwa kuti Kachete ndani.

Mwezi watha anatiuza kuti aliyense ajambule chinthu chimene chimamuwawa mtima. Ndinakumbukira tsiku lija tinabereka mwana wanu mosinthana kupita kuchipatala, tinakhala pa mzere kuyambira m'mawa, n'kutiuza masana kuti mankhwala kulibe, tikagule kusitolo ya patsidya pa msewu. Ndiye ndinajambula bwana wa suti, chimimba chili apo, atakhalira bokosi la mankhwala, pansi pake amayi a ana kumsana ali pa mzere. Thupi silinandivute. Masuti amenewa ndimasita tsiku ndi tsiku, ndimadziwa batani limene limayamba kuthothoka.

Nkhope ndi imene inandikanika. Mabwana akabwera kudzatenga zovala ine ndimayang'ana pansi. Nsapato zawo ndingakujambulireni zonse, koma nkhope sindizidziwa. Ndinafufuta kanayi mpaka pepala linayamba kubooka. Kenako ndinakumbukira kuti anati za m'mutu, ndipo ndinangolisiya dzanja liziyenda lokha. Panatuluka makutu otambalala, mpata wa m'mano, ndi nsidze yodukadukayo pamene bambo anachekedwa ndi waya. Ndikulumbira, Achemwali, sindinaone kuti ndi iwo. Chimene ndinamva ndi chakuti nkhopeyo ikundisangalatsa, ndipo ndinkangofuna kuiyang'ana.

Aphunzitsi anachiyamikira pamaso pa onse, nachiika pa tsamba la sukulu. Ndinakondwa masiku atatu, wondiuza kuti wachita bwino kuno palibe, womuuzanso ndinalibe. Tsiku lachinayi ndi limene munatumiza mawu aja.

Ndibwereze zimene munanena kuti muone ngati ndinamva bwino. Chithunzi chinafika m'mafoni a kwathu. Anthu anazindikira makutu, anazindikiranso dzina lili pansi. Poti bambo ndi mlonda wa pachipatala chomwecho, akuti ngakhale mwana wawo weniweni wawaulula kuti ndiwo amaba mankhwala. Kumsika akuwafunsa ngati ali ndi mankhwala a mutu m'thumba. Ndipo oyang'anira chipatala awauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka komiti idzakumane kumapeto kwa mwezi uno. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa geti, osasowetsa ngakhale tsache, lero achotsedwe chifukwa cha pensulo yanga.

Nditamva, ndinatulutsa timapepala tonse timene ndimasunga pansi pa matiresi n'kutiyala pa bedi. Kondakitala wa minibasi, eni nyumba, wapolisi wa pamsewu, onse ali ndi makutu a bambo. Ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona ali nawo. Chaka chonsechi ndakhala ndikujambula munthu mmodzi osadziwa. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Bambo ndawaimbira tsiku lililonse. Foni imaitana mpaka kuduka yokha. Sindikuwadandaula. Kale akandiimbira ankangofunsa ngati ndadya, ine n'kuti eya, kenako tonse chete, mayunitsi n'kumatha. Amayi ankakalipa kumbali kuti anthu awiri osalankhula mukuonongerana foni. Chete ameneyo ndi amene ndikumusowa. Uyu wa tsopanoyu ndi wina.

Lamlungu lapitali ndinachita chimene sindinachitepo. Ndinayatsa kamera, ndinakweza dzanja. Chingerezi chinathawa, mpaka mayi wina wa m'kalasimo amene amamva chilankhulo chathu anayamba kundimasulirira. Asanamve nkhani yonse, bambo wina wanthabwala anati kani kabokosi kakuda kaja kali ndi mwini wake, ndipo tsopano waona kumene makutu a m'chithunzi anachokera, poti anganso ndi otambalala chimodzimodzi. Anthu anaseka, inenso ndinaseka misozi ili m'masaya. Nditamaliza kufotokoza palibe anasekanso.

Aphunzitsi anachotsa chithunzicho pa tsamba nthawi yomweyo, koma anandiuza mosabisa kuti chimene chalowa m'mafoni a anthu sungachiitanenso. Anati nawonso analakwa posandifunsa kuti nkhopeyo ndi ya ndani. Anati ntchito yathu ndi yobaya amene ali pamwamba, ndipo ikagwera mlonda wa pa geti ndiye kuti taphonya. Analemba kalata yaifupi yopita ku komiti, yofotokoza kuti chithunzicho chinali ntchito ya m'kalasi ndipo sichinkanena za mlonda aliyense. Mayi wa ku nyuzipepala uja anandisindikizira pa pepala.

Koma kalata ya Chingerezi anthu a kumsika sadzaiwerenga. Iwo anaona chithunzi. Ndiye ndajambula china, chanditengera masiku asanu. Mvula ikugwa pa geti la chipatala. M'kanyumba ka mlonda mwadzaza amayi ndi ana, ena miyendo ili kunja. Mwini kanyumbako waima pa mvula, thumba kumutu, tochi m'manja. Mukukumbukira, ndi mmene tinawapezera bambo tsiku lomwe lija tinabwerako opanda mankhwala. Bwana wa suti alimo, kutali pamwamba, atanyamula bokosi, koma watifulatira. Nkhope alibe, poti sindikumudziwa. Chimenechi sindinachitumize kusukulu, ndipo palibe wachiona.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envelopu muno muli chithunzicho ndi kalata ya aphunzitsi. Mukawapatse bambo inuyo ndi manja anu komiti isanakumane. Musatume mwana, ndipo musapite pali anthu. Mudikire nthawi imene amakhala okha kuseri akupukuta njinga. Akalola, muwawerengere kalata inoyi yonse, osadumpha. Zotsalazo agamule okha. Akati zipite ku komiti, zipite. Akati chithunzichi chiyende m'mafoni, ndichitumiza ndi dzina lomwe lija kuti chidutse m'njira imene chinzake chinadutsa. Akati ching'ambidwe, ching'ambeni, ndipo akafuna kuti ndisiye sukuluyi ndisiya. Zidzandiwawa, koma osati ngati mmene zikundiwawira pano.

Muwachenjezeretu chinthu chimodzi asanatsegule. Makutu sindinawachepetse. Ndinayesa, koma panatuluka munthu wachilendo, ndipo ulendo uno ndikufuna kuti aliyense adziwe kuti amene waima pa mvulayo ndani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mpango anandipatsa uja ndimafunda m'mawa uliwonse. Moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkuluyo mumuuze kuti mapensulo ndamusungira, koma aziyamba wafunsa mwini nkhope.

Kwa bambo sindikudziwa kuti ndinene chiyani choposa pepani. Mungowauza kuti Lamlungu lililonse kalasi ikatha ndimakhalabe pa sitepe paja, foni ili m'manja, mpaka dzuwa kupendeka. Sindikupempha kuti alankhule. Angoimba, n'kukhala chete monga kale. Ndidzamva.

Ndine mng'ono wanu,

Kachete, ngati mwini dzinali akundilolabe.