Kiyibodi Yopanda Chingwe

Rufunsa
14 Novembala 1999

Okondedwa Ba Mailesi, akulu anga,

Muli bwanji ku Lusakako? Nanga mwana akupeza bwanji m'chipatalamo? Amai ali bwino, kungodandaula mawondo. Ine ndili bwino kwambiri, mwina kuposa zaka zonsezi.

Musanamve za m'minibasi, imvani kwa ine. Amuna anu, Ba Kingsford, awachotsa ntchito yosesa ku ofesi yathu ya zaulimi. Nyumba ya ofesi imene mumakhala ija akuti mutulukemo mwezi uno usanathe.

Mukudziwa kuti chaka chino ndinasiya taipi, ndikulembera pa laputopu ya Ba Dolly, mlangizi wathu. Kanthuko mabatani ake ndi opanikizana, ndipo khosi linkandiwawa ndi kuwerama. Ba Dolly anandimvera chisoni, anaitanitsa kunja kiyibodi ndi mausi zopanda chingwe. Zimayendera mabatire. Umangolumikiza kabokosi kakang'ono ku laputopu, kiyibodi n'kuilozetsa komweko, basi zilembo zikutuluka. Laputopu umaikweza pa mafaelo, iwe n'kukhala mowongoka, kiyibodi ili pamiyendo, kamphepo ka pawindo kakukupita.

Anandionetsa ndili ndekha tsiku lomwe ankanyamuka kupita ku maphunziro a milungu itatu. Laputopu anapita nayo, kabokosi ndinakatsekera m'dirowa yanga.

Lolemba lake abwana, Ba Reuben, anaona kiyibodi ndi mausi pa tebulo. Anazitembenuza uku ndi uku, n'kukuwa kuti ndani wadula zingwe. Anthu sanachedwe kukumbukira kuti amuna anu amatchera misampha ya waya kuthengo, ndiponso ndiwo amatsegula ofesi m'mawa.

Ba Kingsford analumbira mpaka kutchula manda a amai awo. Mlonda anawamenya makofi pamaso pa alimi amene anabwera kudzatenga mbewu. Anakafufuza kunyumba kwanu, matilesi anataya panja, anapeza mawaya a mabuleki a njinga. Abwana anati umboni ndi womwewo.

Kenako anandifunsa ineyo ngati zinthuzo zinabwera ndi zingwe. Amuna anu anandiyang'ana, magazi ali pamlomo. Ndinayankha kuti sindinaonepo kiyibodi yopanda chingwe chibadwire.

Mwadabwa? Musadabwe. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndinapita ku Lusaka kukaphunzira taipi, Kingsford atapereka kale mbale ya chitomero kwa amalume chifukwa cha ine. Pobwerako ndinakupezani muli ndi pakati pake. Munauza amai, ine ndikumva, kuti Estina ali ndi sukulu, apeza wina. Sindinapeze wina. Ndinakuphikirani pa ukwati wanu, ndinakulererani ana, ndipo ndinakudani tsiku lililonse. Munkati ndine wamtima wabwino, pomwe ndinkangodikira.

Ba Dolly atabwerako anaseka n'kuuza abwana kuti zinthuzo zinabwera zopanda zingwe, kenako atamva zonse analira. Koma abwana anali atalemba kale mphwawo pa ntchitoyo, ndipo munthu wamkulu sangavomere pagulu kuti sadziwa makina a mu ofesi mwake. Anati nkhaniyo ithere m'chipindamo. Ba Dolly atandifunsa, ndinati ndinachita mantha. Anandikumbatira, tangoganizani!

Lachinayi amuna anu anandidikira pa msika. Anagwada m'fumbi, munthu wamkulu ndevu pepeya, akunditchula kuti mlamu, akuti ndikawapepesere kwa abwana chifukwa ana adzagona kuti. Ndinawalonjeza kuti ndiyesetsa. Ndinabwerera ku ofesi, ndinakhala pawindo, ndinaika kiyibodi ija pamiyendo, ndipo ndinalemba kalata yowatulutsa m'nyumba. Sindinalakwitse chilembo ngakhale chimodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Kalata ino muwawerengere nokha, mokweza, musadumphe mzere. Mpaka lero akuganiza kuti ndine ndekha amene ndili kumbali yawo, ndipo dzulo ananditumizira nkhuku. Ndikufuna adziwe kuti ndine, ndipo amve kuchokera pakamwa panu. Mukafuna kukandinenera kwa abwana, pitani, muone ngati angakonde kukumbutsidwa.

Ambuye amuchiritse mwanayo, iye sanandilakwire. Mundiperekere moni kwa azakhali ku Matero, muwauze kuti khosi linasiya kuwawa.

Ndine mng'ono wanu uja wa sukulu,
Estina