Kagalu ka Makoswe ndi Nsalu Yoyera Ija

Sitolo ya mpunga ya a Kuwata,
Kobe.

Okondedwa Amayi,

Mvula yamawawa yagwa kuyambira m'mawa, moti nyanja sikuoneka n'komwe. Tangomaliza nkhomaliro, m'sitolo muli zii, ndiye ndakhala pafupi ndi zenera kuti ndikulembereni. Kaya muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukuvutanibe mukamatsetsereka kupita kumunda? Nanga chifuwa cha Abambo chinasiya? Ife kuno tili bwino tonse.

Amayi, pali nkhani imene ndayamba kuilemba katatu n'kung'amba pepala. Ndiinene msanga mantha asanandigwire. Ndaimanso. Ndili kumapeto kwa mwezi wachinayi.

Za chaka chatha mukuzidziwa. Tinauza aliyense. Apongozi aakazi anaphika mpunga wachikondwerero wa nyemba zofiira n'kugawira mzere wathu wonse, inunso munatumiza nsalu yoyera yoti ndidzamange pamimba pa tsiku la galu la pakalendala, mwezi wachisanu ukakwana, monga mwa mwambo wathu poti galu amabereka mosavutika. Kutatsala masiku asanu ndi atatu ndinapita padera. Nsalu ija ndinakubwezerani yosafunyulula, popanda ndi kalata yomwe. Inu simunafunse, ine sindinanene.

Ndiye ulendo uno ndinangokhala chete. Ngakhale amuna anga a Tatsuzo sindinawauze. Koma vuto linali matumba. Azamba anandiuza chaka chatha kuti ndikadzaimanso ndisadzanyamule cholemera, pamene ntchito yanga pano ndi yotuta mpunga kuchoka mosungira kupita nawo m'sitolo. Ndinkati ndikakana kunyamula andifunsa chifukwa, ndipo ndikatchula chifukwa zichitikanso zomwe zija. Ndiye ndinkanyamulabe, mtima uli m'mwamba. Apongozi aakazi anayamba kumandituma tintchito tina, lero kukagula ulusi, mawa kukaponya kalata, ine n'kumaganiza kuti aona kuti manja anga ndi ochedwa.

Mwina mudabwa kuti zikukhudzana bwanji ndi galu, koma dikirani.

Mphaka wathu anafa nthawi yotentha, ndipo makoswe anatenga malo. Amaboola matumba masana dzuwa likuswa mtengo. Apongozi aamuna anagamula kuti tipeze galu, wamkulu ngati wa apolisi, woti akauwa mzere wonse udziwe kuti kwa a Kuwata kuli galu. Apongozi aakazi anawayankha kuti chigalu chotero chidzadya mpunga woposa wa makoswe onse pamodzi, ndiye bola kungosunga makoswewo poti sauwa.

A Tatsuzo ankafuna kagalu kaubweya kandevu, ngati kamene amayenda nako azungu a kuphiri. Amayi awo akuti iwe Tatsuzo, ndevu m'nyumba muno zakwana za bambo ako, ndipo munthu akakapeza ubweya mu mpunga udzamuuza kuti ndi ndiwo? Anakangana masiku atatu. Tsiku lachitatulo a Tatsuzo anandifunsa maganizo anga, ine ndinati aliyense ndi wabwino. Apongozi aakazi anaseka, akuti Kinue ngakhale nyumba itayaka, utamufunsa ngati tithire madzi adzati zili kwa inu.

Lamlungu la sabata yatha anagwirizana zokaona tiana ta agalu kwa a Hamaguchi, ometa tsitsi kufupi ndi doko. Amaweta tiagalu tija amati teriya, toyera thupi lonse mutu wokha wakuda, taubweya waufupi ngati tometedwa. Ine sindinali pa ulendo. Koma apongozi aakazi atandipeza pakhomo la mosungira ndili ndi thumba paphewa, anaima n'kundiyang'ana. Akuti tula pansi, kasinthe zovala, ukupita nafe. Ndinafunsa kuti m'sitolo mutsala ndani. Akuti mutsala makoswe, adziwa kale pamene pali chilichonse.

Kwa a Hamaguchi agaluwo anali m'bokosi kuseri, pambali pa mbaula, poti mtundu umenewu supirira kuzizira. Munali make ndi tiana tisanu tosiya kale kuyamwa. A Hamaguchi anayamba kutama katundu wawo, lumo lili m'manja, akuti bambo wa tianati anapha makoswe khumi ndi mmodzi m'mawa umodzi kudoko. Apongozi aamuna ananyamula kamodzi ndi dzanja limodzi, akuti kamenekaka? Khoswe wa kwathu adzakatola n'kupita kukakalera. Komabe anapota kansanza n'kumakakoka pansi kuti aone kolusa ndi kati. A Tatsuzo anali atasankha kale kakamuna kamakutu okongola.

Apongozi aakazi tianato sanatiyang'ane n'komwe. Anagwada pafupi ndi make n'kuitana akazi awo a Hamaguchi. Anafunsa kuti wabereka kangati. Akuti katatu. Ana anafapo? Akuti ngakhale mmodzi. Amachedwa pobereka? Akuti ayi, ulendo womalizawu anateleka madzi a tiyi kuti adikire, asanawire n'komwe tiana tiwiri tinali titatuluka kale. Nanga amaluma ana a anthu? Akuti kamdzukulu kawo kamamukoka makutu tsiku lonse, iye amangokanyambita kumaso. Apongozi aamuna analowerera, akuti mayi, tabwera kudzatenga wogwira makoswe, inu mwayamba kufunsira mbeta?

Apongozi aakazi anandikokera pafupi. Anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pa galu uja, n'kulipanikiza pamenepo ndi dzanja lawo. Panali potentha, Amayi. Galuyo anangonditembenukira n'kugonanso. Nthawi imeneyo kakakazi kakang'ono kuposa tonse kanali katakwera pamiyendo panga n'kulowetsa mutu m'mkono wa chovala changa.

Apongozi akuti titenga kameneka, nkhani yatha. Galu wamkulu amakoka chingwe, angagwetse munthu pamtsetse wathu uja. Waubweya adzadzaza ubweya pamphasa pamene mwana azikwawa. Koma aka, ngakhale katakula, sikangagwetse mwana wongoyamba kuimirira, ndipo make ndi wobereka bwino.

A Tatsuzo anafunsa kuti mwana wake uti, wa ndani?

Amayi awo akuti wa makoswe, chitsiru iwe! Mwezi wathunthu mkazi wako amathawira panja ndikangovundukula mpunga pamoto, mtsuko wa mapulamu owawasa wafika pansi, iwe umagona naye chipinda chimodzi koma maso ali pa ndevu za agalu a azungu.

Ndinaphimba nkhope ndi mkono n'kuyamba kulira, pamaso pa anthu achilendo. A Tatsuzo anangoti Kinue, Kinue, kagalu kawo kali lende m'manja. Apongozi aamuna anavula chipewa, anavalanso, kenako anakakhala pampando n'kuuza a Hamaguchi kuti awamete ndevu, chikhalirecho anali atameta m'mawa womwewo.

Pobwerera amuna anatsogola, ife tinatsalira m'mbuyo, kagalu kali pachifuwa panga. Apongozi anandiuza motsitsa mawu kuti anadziwa kalekale, koma ankadikira kuti ndinene ndekha, n'chifukwa chake ankandituma ulusi umene sankaufuna. Akuti ulusi wadzaza kabati. Koma ataona thumba lija paphewa analephera kudikiranso. Anandiuzanso chinthu chimene ngakhale a Tatsuzo sachidziwa, kuti iwonso anapita padera kawiri asanabereke mwana wawoyo. Akuti chaka chatha analakwa kuthamangira kugawa mpunga wofiira, ndipo ulendo uno sauza munthu aliyense pamzere mpaka ine nditafuna. Koma akuti kukhala chete kwangako sikukanamuteteza mwanayu, chofunika n'kutula thumba. Ndinangowagwira m'mphepete mwa chovala mpaka kunyumba, ngati mmene ndinkakugwirirani inu popita kumsika.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhudzenso thumba. Akututa ndi a Tatsuzo, ndipo akandiona ndanyamula ngakhale ketulo amathamanga. Azamba anabwera Lachisanu, anandiona, akuti zonse zili m'malo mwake.

Kagaluko takatcha Goma, ndiye kuti chitowe, poti kali ndi timadontho takuda pamimba ngati chitowe. Ntchito yanga tsopano ndi kukapukuta mapazi kasanakwere pamphasa, ndipo ndakasokera kamalaya kuchokera ku mkono wa chovala changa chakale chija. Khoswe sikanagwirebe ngakhale mmodzi. Dzana kanakumana ndi chiwala pakhomo, kanathawa n'kukabisala m'nsapato. Apongozi aamuna, amene ankakanyoza aja, ndi amene akumakaika pachifuwa m'kati mwa chovala akamagulitsa, mutu wokha uli panja. Munthu akafunsa amati ndi mlonda wa sitolo, akadali pa maphunziro.

Tsopano pempho langa, Amayi. Tsiku la galu loyamba m'mwezi wanga wachisanu ndi pa 21 mwezi uno. Apongozi aakazi anati nsalu imachokera kwa mayi a mkazi, koma ngati ndikuopa kukuvutitsani kapena ndikuopa nsalu yakale ija, iwo akagula yatsopano mwakachetechete, palibe adzadziwe. Anayembekeza kuti ndinena kuti zili kwa iwo. Koma ndinati ayi, ndikufuna yomwe ija. Iwo akuti kani mtengwa wangayu pakamwa ali napo.

Ndikudziwa kuti simunaitaye. Mng'ono wanga Fusa anandilembera kuti ili pansi penipeni m'bokosi lanu, ndipo kuti mumaitulutsa kukaiyanika dzuwa likawala. Inu munaipima, inu munaipinda m'mphepete, ndipo sinalakwe kanthu. Chonde musagule ina. Mundikhululukire kuti ndinaibweza mopanda mawu. Sindinkadziwa kuti ndilembe chiyani.

Ngati bondo lingalole, bwerani nayo nokha pa sitima, mudzandimange ndi manja anu tisanapite kukachisi kukapempherera mimbayi. A Tatsuzo adzakuchingamirani pasiteshoni. Ngati silingalole, ikani pa positi msanga kuti ifike tsikulo lisanakwane. Mantha ndikadali nawo, sindikunamizani. M'mawa uliwonse ndimawerenga masiku otsala. Lero atsala khumi ndi awiri.

Mundiperekere moni kwa Abambo, kwa achimwene a Yasukichi ndi alamu anga, kwa Fusa, ndi kwa azakhali a kutsidya kwa mlatho. Enawa muwapatse moni wokha. Nkhaniyi ikhale ya inu ndi Abambo mpaka nsalu itamangidwa. Apongozi onse awiri ndi a Tatsuzo akupereka moni waukulu.

Mukaona zilembo zapendeka kumapeto kuno, ndi Goma. Wagona pamiyendo panga, mutu wautsamiritsa pamimba, ndipo sindikufuna kumudzutsa.

Ndine mwana wanu,
Kinue

Ndamaliza kulemba Lachitatu pa 9 Okutobala, wotchi ya m'sitolo itangogunda folo koloko madzulo.