Siponji pamwamba pa matayala

Lachinayi madzulo. Mtima wakhala pansi tsopano.

Lero ndinakatenganso apongozi aamuna ku Edingeni kubwera nawo kuchipatala kuno ku Mzimba. Iwo amakhala kumbuyo nthawi zonse, ndipo akamayankhula ndi ine mkamwana wawo amatsitsa mawu. Koma matayala a kagalimoto kangaka amalira ngati chigayo. Ine kuwauza kuti akweze mawu? Sindingayerekeze. Mwezi watha akuti anandipempha katatu kuti ndiime akadzithandize, ine osamva. Titafika anatsika atamanga jekete m'chiuno. Ndikakumbukira, manyazi amandigwirabe.

Dzulo ndinapita kwa a Nyirenda, osoka mipando ya galimoto kuseri kwa msika. Anachotsa kapeti, n'kumata siponji ndi zidutswa za bulangete pansi ponse ndi m'kati pamwamba pa matayala akumbuyo. Anati, "Phokoso silitheratu, mama, koma lichepa chomene."

Sananame. Guluu yekha ndiye akununkhabe. Lero tili pakati pa ulendo ndinamva apongozi akutsokomola, kenako mawu aang'ono: "Mkamwana, imani apo." Ndinaponda mabuleki nthawi yomweyo. Sanatsike. Anangoyang'ana pawindo n'kunena kuti, "Mbwenu basi, tiyeni. Ndimafuna ndione ngati mukundimva."

Kuchokera pamenepo sanatsekenso pakamwa mpaka pachipatala. Anandiuza za ng'ombe zawo, za fodya, ndi mmene mwamuna wanga ankathawira kukabusa ali mwana.

Zaka zonsezi ndinkati ndi munthu wosakonda kuyankhula. Kaya ndi zingati zimene anandiuza ine osamva...