Diresi la Mayi Nabanda pa Chitunda

Loweruka, Ogasiti. Miyendo ikuwawa, koma mtima uli myaa.

Aphunzitsife tinakumana kukonza ulendo wapanjinga wa patchuthi, kuchokera ku Mponela, kudzera pa boma lakale la Dowa, mpaka ku Mvera. Che Saidi, okonza njinga amene adzatitsogolere, anakana kutenga mnzathu Mayi Nabanda. "Buluku boma linakuletsani, ndiye diresi lidzakodwa mutcheni, mayi."

Mayi Nabanda sanakangane nawo. Anangoonetsa tizingwe timene anasokerera mkati mwa diresi, tokokera mpendero kutali ndi tcheni, maondo osaoneka. "Tiyese pachitunda icho, bambo."

Anakwera osaponda pansi! Ine pakati ndinatsika n'kumakankha, thukuta kamukamu. Che Saidi anawombera Mayi Nabanda m'manja: "Patsogolo mudzakhale ndinu."

Ndikulakalaka kudzapalasa pambali pawo mpaka ku Mvera, koma mpweya wangawu...