Modelo Yokana Kukhazikika

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, ndipo mtima wakhala pansi tsopano.

Mukudziwa kuti kafukufuku wanga ndi wa kakulidwe ka makanda amene amakwera sikelo mwezi ndi mwezi m'zipatala zing'onozing'ono. Mwana aliyense amakula mwayekha, zipatalanso n'zosiyana, ndiye kompyuta iyenera kuwerengera zonsezo pamodzi. Masamu amenewa timawatcha modelo.

Modeloyo ndi imene inandisowetsa mtendere. Ndikaiyendetsa, kompyuta inkazungulirazungulira, kenako n'kutulutsa chenjezo lofiira lakuti yalephera kukhazikika pa yankho limodzi. Aphunzitsi ondiyang'anira ananena mosapsatira kuti manambala otere sangawasainire, ndipo ndikapanda kukonza mwezi uno ndidikira chaka chamawa. Ndinasintha ichi ndi icho mpaka kuiwala pomwe ndinayambira. Mnzanga wa m'chipinda ankandiseka kuti ndikukalipira laputopu ngati mwamuna wosamva.

Bambo, musakwiye. Ndinaimbira Achimwene, poti masamu amenewa ndi ntchito yawo.

Anali ku ofesi, koma anatuluka panja n'kundiuza kuti ndiwawerengere chenjezolo pang'onopang'ono. Anafunsa mmene ndinalembera msinkhu wa ana. Ndinati m'masiku. Anaseka, n'kunena kuti manambala a mazanamazana akupondereza anzawo ang'onoang'ono, ndiwasandutse miyezi.

Ine ndinafuna kukonzeratu zonse nthawi imodzi, koma anandiletsa. Anati m'shopu mwanu munkawaphunzitsa kuti wailesi ikafa, umasintha waya mmodzi n'kuyatsa, apo ayi sudzadziwa chimene chinali chitafa. Anatengera ndi mawu anu omwe, mpaka kakhosomole kanu kaja. Ndinaseka misozi ili m'maso.

Tinasintha msinkhuwo, chenjezo osachoka. Kenako anafunsa kuchuluka kwa ana pa chipatala chilichonse. Atamva kuti kwina aliko ochepa kwambiri, anati ndikuisenzetsa modeloyo katundu woposa msinkhu wake, poifunsa liwiro la kakulidwe ka ana pa chipatala chilichonse pachokha. Tinachotsa mbali imeneyo. Ndinadina batani, ndipo manambala anatuluka oyera, popanda chofiira.

Sanandilole kusangalala msanga. Anati ndiyesenso ndi njira ina yofufuzira yankho, tione ngati zigwirizane. Zinagwirizana. Aphunzitsi asaina dzulo, ndipo ati ndifotokoze m'lipoti chifukwa chimene ndinachotsera mbali ija.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Achimwene, ndikuthokozanso inu, chifukwa nzeru yomwe inandipulumutsa inachokera pa tebulo lanu la mawaya.

Tsopano pempho langa. Tisanadule foni, Achimwene anafunsa ngati maso anu akuonabe tizitsulo ting'onoting'ono. Anati amakuimbirani, koma foni imangolira mpaka kuduka. Sanadandaule, anangonena.

Ine ndine mwana, sindingaweruze nkhani yakuti anakana kutenga shopu n'kupita kutali. Koma munthu amene anakutayani sangasunge mawu anu chonchija. Lamlungu likubwerali masana adzaimbanso. Chonde yankhani, ngakhale mungoti muli bwino basi. Zinazo zidzabwera pambuyo, chimodzichimodzi.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndayambanso kudya bwino. Moni kwa Azakhali ndi ana onse. Ambuye akusungeni ndi kulimbitsa bondolo.

Ndine mwana wanu,
Mzime