Dzanja Lamanja la Mayi a Kunyumba

Lolemba, 3 Juni

Chala chagwedezeka! Chachikulu, cha dzanja lamanja lija langokhala lende chigwereni mayi a kunyumba pa makina awo osokera, lero tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndinakuwa mpaka wodi yonse kucheuka. Adokotala anabwera, anachitsina, chinagwedezekanso. Akuti, “Bambo, sitiroko sifuna phuma, koma ichi n’chiyambi.” Ine ndatolapo “chiyambi” basi, zinazo n’zawo.

Lachitatu, 5 Juni

Kuno munthu mmodzi amamugawana ngati nyama ya ng’ombe. Adokotala awo ndi mutu ndi BP. Asisitala a magalasi, awo ndi msana: maola awiri alionse kudzawatembenuza kuti asatuluke zilonda, phala kulithira pa kachubu ka m’mphuno. Miyendo ndi ya mayi wa mafizo, wamfupi koma mawu ngati wapaperete. Ndamutcha Msilikali. Lero wawakhazika mayi m’mphepete mwa bedi, mapazi lendelende. Ndinathamanga kuti ndiwagwire, iye amvekere, “Manja m’thumba, bambo!” Anakhala okha mpaka ndinawerenga khumi ndi ziwiri. Zaka makumi atatu ndikuyendetsa basi, sindinatulukepo thukuta ngati limeneli.

Lachinayi, 6 Juni

Ndalakwa. Milomo yawo inauma gwa, maso ali pa fulasiki yanga. Ndinati kasupuni kamodzi ka tiyi kangaphe ndani? Anatsamwa, nkhope bii, mpweya osatuluka. Asisitala anafika chothamanga, kuwadzutsa, kulowetsa kamakina kokoka madzi kukhosi. Atapuma bwino, asisitala anandiitanira pakhonde. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, “Kukhosi nakonso kunafooka. Tiyi ameneyo amapita kumapapo. Mukawakonda, dikirani.”

Fulasiki ndaibweza kunyumba.

Loweruka, 8 Juni

Thupi silinatenthe, mapapo ali bwino. Mulungu ngwabwino, ine ndiye chitsiru.

Lachiwiri, 11 Juni

Kwabwera wina, bambo wophunzitsa kumeza ndi kulankhula. Sindinkadziwa kuti ntchito yotere iliko! Anaika zala pakhosi pa mayi, kuwapatsa phala lolimbirako pang’ono. Gwa, lapita. Kachiwiri, lapita. Akuti zikapitirira chonchi kachubu kachoka Lachisanu.

Kenako anawafunsa dzina. Milomo kuyesa, mawu osabwera, misozi mbwee. Iye sanatekeseke, anandifunsa nyimbo imene mayi amaimba akamasoka. Ndinaiyamba ndi mawu anga achule. Abale inu, anandilandira! Mzere wonse, mawu onse, munthu wolephera kutchula dzina lake. Agogo a bedi loyandikana nafe anaomba m’manja ndi dzanja limodzi pa ntchafu. Bambo uja akuti kuimba kumadzera njira ina m’mutumu. Ndaimbira mwana wathu wamkulu foni, tonse kulira ngati ana.

Lachisanu, 14 Juni

Kachubu kachoka!! Phala adya ndi pakamwa, theka pa chibwano, koma adya.

Masana kunabwera mlongo wophunzitsa zovala, kusamba ndi kugwira supuni. Anabweretsa malaya akale kuti mayi ayeserere kumanga mabatani. Kwa telala! Mayi analigwira batani, kulitembenuza, n’kupeza kuti analisoka mokhota. Anatsonya, tsonyo lenilenilo la kushopu, n’kuti, “Ayi.” Mawu oyamba osaimba. Mlongoyo anaseka mpaka kugwira khoma, amvekere, “Mukachira mudzandisokere bwino, amayi.”

Batani limodzi, mphindi zisanu ndi chimodzi. Ine ndinakhalira manja anga.

Lolemba, 17 Juni

Msilikali akuti mayi aimirira sabata ino. Ine ndikuti asafulumire. Akuti palibe wandifunsa.

Lachitatu, 19 Juni

Minibasi inafa panjira, ndinafika dzuwa litakwera. Kulowa m’wodi, bedi lopanda munthu, nsalu zoyala bwinobwino. Pa wodi ino bedi loyalidwa chonchi ndikulidziwa tanthauzo lake. Agogo aja anangoloza kukhonde ndi mlomo.

Ndinatuluka. Kumapeto kwa khonde, uko! Mayi chilili, ndodo ya miyendo inayi kumanzere, Msilikali wagwira lamba m’chiuno mwawo, asisitala akukankha njinga ya odwala kumbuyo. Phazi lamanja likukwekwereza, koma likubwera. Limodzi. Lina. Ndinaima pomwepo, chipewa m’manja, osayerekeza kusuntha.

Anafika mpaka pamene ndinaima, wefuwefu. Anandiyang’ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, milomo ikulimbana ndi mawu.

“Mwa… mwachedwa.”